Mapepala okha ayi, tionenso za magalimoto

Mwalemba kuti pamisonkhano tisiye kusindikiza mapepala, zonse zizitumizidwa pafoni. Ndikuvomereza, koma chachikulu mwachilumpha. Anthu onse amagwira ntchito ku Lilongwe, msonkhano n'kukachitira ku Mangochi kapena ku Salima, aliyense pagalimoto yakeyake. Mafuta onsewo, utsi wonsewo! Basi imodzi ikhoza kuwanyamula onse, apo ayi angokumana mumzinda momwemo. Zimandiwawa kwambiri msonkhanowo ukakhala wokambirana za kusintha kwa nyengo.

China ndi timabotolo ta madzi. Munthu amamwa theka n'kusiya, masana walandiranso kena. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma timabotoloti tikungodzaza m'ngalande. Okonza misonkhano aziika zigubu zikuluzikulu za madzi ndi matambula otsuka, ndiwo azigula kwa alimi apafupi.