Inu osunga matanki a mafuta ndi mankhwala, lekani kusewera ndi moto

Ndikulankhula ndi inu eni mafakitale, mabwana a m'madepoti, ndi inu anyamata a shifiti ya usiku. Chizolowezi mwayambachi chomazimitsa alamu ya thanki ati ikusokosa chidzakuphetsani, pamodzi ndi anthu a m'makomo oyandikana nanu amene sadziwa n'komwe zimene mumasunga kuseri kwa mpandawo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku depoti ya mafuta ya Buncefield, pafupi ndi tauni ya Hemel Hempstead ku England, m'bandakucha wa pa 11 December 2005 ankapopera petulo m'thanki nambala 912. Geji yoonetsa pamene mafuta afika inaima. Sikanali koyamba. Kuchokera kumapeto kwa August inali itaimapo ka 14, anthu n'kumangoikonza mwachigamba mpaka kuzolowera. Panalinso chida china choti chizitseka paipi thanki ikadzaza, koma kuti chigwire ntchito chinkafuna loko wogwira kachitsulo kake pamalo pake, ndipo lokoyo panalibe. Loko chabe, abale! Petulo anasefukira padenga la thanki, malita oposa 250,000, nthunzi yake n'kuyala pabwalo lonse mpaka kudutsa mpanda. Itangokwana 6 koloko kunaphulika. Ofufuza anati n'kutheka kuti chinayatsa nthunziyo ndi pampu ya madzi ozimitsira moto yomweyo, imene inalira munthu atadina alamu. Matanki oposa 20 anayaka kwa masiku 5, anthu oposa 40 anavulala. Mwayi wake linali Lamulungu, maofesi a pafupi ali otseka.

Tsono inu mukamandiuza kuti “tili ndi paipi ya madzi, tilinso ndi mabotolo ofiira aja pakhoma”, ndimangopukusa mutu. Botolo lofiiralo ndi la moto woti wangoyamba kumene pa injini. Ndipo petulo amayandama pamadzi. Kuthira madzi m'thanki yoyaka n'kungomukweza kuti asefukire ndi moto wake. Ntchito ya madzi ndi kuziziritsa matanki oyandikana nawo kuti chitsulo chisafewe, n'chifukwa chake pamafunika mapaipi owaza madzi ozungulira thanki iliyonse. Chozimitsa motowo ndi thovu, limene limaphimba pamwamba pa mafuta kuti nthunzi isakumane ndi mpweya. Mapaipi a thovulo azikhala omangiriratu pamwamba pa thanki. Mukuganiza kuti ndani adzakwere makwerero moto uli lawilawi?

Thovunso lili mitundumitundu, apa m'pamene ambiri mumagwa. Kuno kwathu ethanol amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo amasakanizidwa m'petulo. Ethanol amayamwa madzi a m'thovu wamba, thovulo n'kuphwa pomwepo, moto uli chiyakire. Pamafunika thovu lopangidwira zimenezo, lija pamgolo pake amalemba kuti AR. Kaoneni migolo yanu. Muonenso kuti inagulidwa liti, chifukwa mankhwala a thovu amafunika kuwayeza nthawi ndi nthawi, si owaiwala padzuwa zaka ndi zaka. Amene mumasunga asidi wamphamvu wa sulphuric, dziwani kuti ameneyo akakumana ndi madzi amatentha n'kuthovokera aliyense ali pafupi. Ozimitsa moto a ku khonsolo auzeni lero zimene zili m'thanki iliyonse, asadzachite kufunsa mlonda pageti utsi uli tolo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi khoma lozungulira matanki lija. Analimanga kuti thanki ikabooka, zonse zithere m'katimo, n'chifukwa chake m'maiko ambiri amafuna kuti m'kati mwake muzikwana 110 peresenti ya zimene thanki yaikulu ingasunge. Koma ndaonapo ndi maso angawa vavu yotulutsira madzi a mvula itasiyidwa yotsekula dzinja lonse, atachita kuichirikiza ndi njerwa, ati n'kutopetsa kumapita kukatsekula mvula ikagwa. M'kati mwa khomalo udzu ukufika m'mawondo, migolo yakale aunjika pakona, wina waboola khoma kudutsitsa paipi osamatapo. Mafuta oyaka akadzatsata ngalande imeneyo mpaka kumtsinje kumene amayi amachapa, mudzayankha chiyani?

Ku Deer Park, ku Texas m'dziko la America, mu March 2019, pampu ya thanki ya naphtha, mafuta osachedwa kuyaka ofanana ndi petulo, inawonongeka, mafuta n'kumatayika kwa mphindi pafupifupi 30 popanda wodziwa. Panalibe chida chonunkhiza gasi, panalibenso vavu yotsekera patali. Moto utayamba palibe akanayandikira kukatseka ndi manja, ndipo unayaka masiku 3. Zida ziwirizi mumazikana ati n'zodula. Momwemonso kudzaza nitrogen, mpweya wosalola moto kuyaka, pamwamba pa mankhwala osachedwa kuyaka, ndi waya uja wopititsa mphamvu ya mphenzi m'nthaka, amene mbava zikadula mumatha chaka osabwezeretsa. Ku Matanzas, ku Cuba, mu August 2022, inali mphenzi imene inayatsa thanki ya mafuta, ndipo ozimitsa moto oposa 10 anafera pomwepo.

Inunso owotcherera, musamanamizidwe ndi mawu oti “thankiyi ilibe kanthu”. Yopanda kanthuyo ndiye yadzaza nthunzi yosakanikirana ndi mpweya, imene imaphulika ndi kamoto kamodzi. Musayatse chowotchereracho mpaka thankiyo itatsukidwa, mpweya wa m'kati utayezedwa ndi makina inu mukuona, ndipo bwana wasaina chikalata chololeza ntchitoyo. Akakana kusaina, longedzani zida zanu muzipita.