Mukufuna kulosera mtengo wa dola? Ndalama za fizi zisungeni

Kwa inu amene mukulingalira zokachita masters kapena PhD ya zachuma n'kusankha gawo la international finance (za ndalama pakati pa mayiko), maganizo anga ndi awa: ngati cholinga n'choti mukamaliza muzitha kunena kuti dola idzakhala pa mtengo wanji mwezi wamawa, musavutike. Mu 1983 Richard Meese ndi Kenneth Rogoff anatenga ma model otchuka a nthawiyo n'kuwapikisanitsa ndi kulosera kwaulesi, kongonena kuti mtengo wa mawa ukhala womwewu wa lero. Pa nthawi yosapitirira chaka ma model aja sanapambane, ngakhale anapatsidwa ziwerengero zenizeni za chiwongoladzanja ndi kuchuluka kwa ndalama za miyezi imene ankaloserayo. Zaka zoposa 40 zadutsa, akatswiri akulimbana nazobe.

Chimene phunziroli limapereka n'chosiyana, ndipo kwa ine n'chamtengo wapatali kuposa ulosi: limakuphunzitsani kuzindikira zinthu zimene sizingayendere limodzi. Dziko silingakhale ndi zitatu izi nthawi imodzi: mtengo wokhazikika wa ndalama yake, ufulu woti ndalama zizilowa ndi kutuluka popanda chotchinga, ndi banki yaikulu yodziikira yokha chiwongoladzanja. Lisankhe ziwiri. Mfundoyi imachokera ku ntchito ya Robert Mundell ndi Marcus Fleming ya m'zaka za m'ma 1960, ndipo maboma akhala akuiyesa dala n'kupsa nayo. Pa 16 September 1992 Britain inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10 kufika pa 12 peresenti, n'kulengezanso 15, pofuna kuteteza paundi. Pofika madzulo inali itagonja. Thailand inasiya kuteteza ndalama yake ya baht pa 2 July 1997, thumba lake la ndalama zakunja litatsala pang'ono kuuma. Hong Kong yasunga ndalama yake pafupi ndi 7.8 pa dola kuyambira 1983, koma kuipa kwake ndi kwakuti chiwongoladzanja chake chimatsata cha America, kaya chuma chake chikufuna zimenezo kaya ayi.

Tsono poyambira si pa masamu ovuta. Yambani ndi balance of payments, kaundula wa ndalama zonse zolowa ndi zotuluka m'dziko, muidziwe mpaka kuilota. Gawo lake lotchedwa current account ndi kusiyana kwa zimene dziko lasunga ndi zimene laika pa chitukuko ndi mabizinesi. Ikaperewera, ndiye kuti wina kunja wabwereketsa dzikolo, wagula katundu wake monga masheya, kapena banki yaikulu yatapa m'thumba la ndalama zakunja. Palibenso kwina. Wophunzira amene wagwira zimenezi sanamizika ndi wandale wolonjeza kuthetsa kuperewera kwa malonda pongokweza msonkho wa katundu wolowa, pomwe kasungidwe ka anthu ndi kabwerekedwe ka boma sizinasinthe. Ambiri amathamangira gawoli chifukwa limaoneka ngati la ma accountant. Amadzalira m'chaka chachiwiri.

Kenako pali interest parity, chiphunzitso cholumikiza chiwongoladzanja ndi mtengo wa ndalama, ndipo apa ndi pofunika kukhalitsa. Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja kunyumba ndi 10 peresenti, kunja ndi 4. Chiphunzitso chimati msika ukuyembekezera kuti ndalama yakunyumba igwa ndi pafupifupi 6 peresenti pa chaka, apo ayi aliyense akanangobwereka kunja n'kudzasunga kuno. Mukayesa ndi data, coefficient, nambala yosonyeza mmene kugwa kwa ndalama kumatsatira kusiyana kwa chiwongoladzanja, imayenera kutuluka 1. Eugene Fama anayesa mu 1984 n'kupeza nambala yosafika ndi pa ziro pomwe: ndalama za chiwongoladzanja chokwera zinkakonda kulimba m'malo mogwa. Ndiye maziko a carry trade, kubwereka kumene chiwongoladzanja n'chotsika n'kukasunga kumene n'chokwera, malonda amene amapindulitsa pang'onopang'ono kwa zaka, kenako n'kukulandani zonse m'masabata ochepa, monga zinachitikira mu 2008 yen, ndalama ya ku Japan imene ambiri ankabwereka, italimba mwadzidzidzi. Model ya Rudiger Dornbusch ya 1976 imamangidwa pa parity yomweyi. Banki yaikulu ikaonjezera ndalama ndi 10 peresenti, pamapeto ndalamayo iyenera kugwa ndi 10. Koma mitengo ya katundu imachedwa kusintha, choncho chiwongoladzanja chimayamba chatsika. Kuti anthu avomere kusunga ndalama yopereka phindu lochepa, ayenera kuyembekezera kuti ilimba m'tsogolo, ndipo kuti idzalimbe n'kukathera pa 10 paja, iyenera kuyamba yagwa kupitirira 10. Amene angafotokoze ndondomeko imeneyi pakamwa, popanda kulemba equation, waimvetsa. Amene amangoloweza chithunzi chake sanayambe.

Pa masamu sindinyengerera: calculus, linear algebra, dynamic optimization ndi time series econometrics muzibwera nazo kale, pamodzi ndi luso lolemba code mu Python, R kapena Matlab. Buku la Maurice Obstfeld ndi Rogoff la 1996 silidikira munthu.

Koma zimene zimagwetsa ma thesis ambiri ndi zazing'ono. Choyamba, mbali imene mtengo walembedwera. M'mabuku ambiri S ndi ndalama yakunyumba pa ndalama imodzi yakunja, ndiye S ikakwera ndalama yanu yagwa. Koma pa index ya real effective exchange rate (mphamvu ya ndalama poiyerekeza ndi za mayiko ochita nawo malonda) ya mabungwe a zachuma a IMF kapena BIS, nambala ikakwera ndalama yalimba. Mukasakaniza ziwirizi, zotsatira zonse zimatembenuka, ndipo mudzalemba masamba 30 kufotokoza chozizwitsa chomwe kulibe. Chachiwiri, poyesa ulosi gwiritsani mtengo wa tsiku lomaliza la mwezi, osati avereji ya mwezi wonse, chifukwa avereji imabweretsa autocorrelation yabodza (kusintha kwa mwezi uno kumaoneka ngati kukutsata kwa mwezi watha), mtengo n'kumaoneka ngati ukuloserereka. Mukagwiritsa forward (mtengo wogwirizana lero wa ndalama zodzasinthana m'tsogolo) ya miyezi itatu pa data ya mwezi ndi mwezi, nthawi zimalowerana, ndiye standard error wamba (muyeso wa kukayikitsa kwa zotsatira) imatuluka yaing'ono monyenga. Konzani ndi njira ya Newey-West kapena ya Hansen-Hodrick. Ndipo m'dziko limene boma limagawa ndalama zakunja mopimira, mtengo wa kubanki sundiwo umene amalonda ambiri akugulira. Funsani kaye kuti data yanu ikuimira msika uti.

Olemba model ya dziko laling'ono lotseguka ku malonda amakumana ndi msampha wina. Mukaika chiwongoladzanja cha kunja chosasintha, ngongole ya dzikolo imakhala ndi unit root: ikasuntha sibwereranso, ndipo ma variance amene mukufuna kufanizira ndi data sawerengeka. Stephanie Schmitt-Grohé ndi Martín Uribe anasonyeza njira zingapo zotsekera model yotere mu 2003. Yosavuta ndi kulola chiwongoladzanja chizikwera pang'ono ngongole ikamakula.

Posankha sukulu, dzina la yunivesite lisakutengeni mtima. Onani ngati pali aphunzitsi osachepera awiri amene akufalitsabe kafukufuku m'gawoli, chifukwa mmodzi akhoza kusamuka inu muli pakati pa thesis. Onaninso silabasi: ngati ikuthera pa model ya Mundell ndi Fleming osakhudza zoti malonda ambiri a pakati pa mayiko amalembedwa m'madola, kapena mfundo ya Hélène Rey ya 2013 yoti ngakhale ndalama yoyandama, imene mtengo wake umaikidwa ndi msika, siteteza dziko mokwanira ku zochita za banki yaikulu ya America, kosi imeneyo ndi ya digiri yoyamba yongovekedwa dzina lina.