Mawu aatali a Chingerezi si chilombo, tisaopseze nawo ana

Dzulo madzulo mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 7, anabwera ali ndwii. Anzake anamulembera mawu kuseri kwa kope n'kumuuza kuti awerenge mokweza: pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis. Atalephera anamuseka. Zinandiwawa kwambiri, poti mwanayu ndi wanzeru, koma anafika ponena kuti Chingerezi si chake.

Ndinamukhazika pamkeka, ndinatenga khala n'kulemba pakhonde: sindidzakuthandizaninso. Anawerenga osapunthwa ngakhale pang'ono. Zilembo 23, maphatikizo 9, koma sanachite mantha. Chifukwa chiyani? Ku Sitandade 1 anamuphunzitsa ma me mi mo mu, ndiye diso lake limadula lokha: si-ndi-dza-ku-tha-ndi-za-ni-nso.

Ndiye tinabwerera ku mawu aja. Ali ndi zilembo 45 ndi maphatikizo 19, koma mukawayang'anitsitsa ndi timawu tating'onoting'ono tolumikizidwa ngati mikanda. Pneumono akunena za mapapo, ndipo p wakumayambiriroyo satchulidwa, monganso mu pneumonia, chibayo chija. Kenako ultra, microscopic, silico, volcano, coniosis. Ndinamuuza aziwomba m'manja pa phatikizo lililonse: nyu-mo-no, al-tra, mai-kro-skop-ik, sil-i-ko, vol-ke-no, ko-ni-o-sis. Ulendo wachitatu anatulukira kutsidya, maso ali gwa. Chinandisangalatsa china n'chakuti mphamvu ya mawuwa imagwera pa o wa kumapeto uja, phatikizo lachiwiri kuchokera kothera, pomwenso Chichewa chathu chimakokera. Lilime lake linali kale ndi njira.

Mawuwa anawapeka dala Everett Smith wa ku America mu 1935, mtsogoleri wa gulu la okonda masewera a mawu, pofuna kuti akhale aatali kuposa ena. Madokotala amangoti silicosis. Ndi matenda a fumbi la miyala aja anabwera nawo agogo athu ena kuchokera ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela ndi Theba. Nditamuuza zimenezi mwanayu anakhala chete, chifukwa chifuwa chimenecho nkhani yake amaimva pakhomo pano.

Kwa ine, ovuta enieni ndi mawu aafupi. Ife pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake school tinamusandutsa sukulu. Eni Chingerezi amameza maphatikizo: Wednesday ndi awiri okha, vegetable ambiri amatchula atatu. Mwana akawerenga monga mwalembedwera, sanalakwe nzeru, wangotsata lamulo la chilankhulo cha mayi ake.

Aphunzitsi ndi makolo anzanga, chonde, mwana akakakamira pa mawu, musamuuze kuti "bwerezanso" basi, ena akuseka. Mutsekereni mbali ina ndi chala, awerenge kachidutswa kamodzi, kenako kena. Lero m'mawa wapita kusukulu ndi kapepala ka mawu aja m'thumba, wawadula ndi cholembera chofiira, akuti akawaphunzitse anzake aja.