Lekani kugawa Mulungu pawiri

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mlaliki wina, amene dzina lake ndilisunga, anaima pa guwa Baibulo lili m'manja n'kuuza mpingo kuti Mulungu wa m'Chipangano Chakale anali wankhanza, wosachedwa kupsa mtima ndiponso wokonda kukhetsa magazi, koma kuti Yesu anadza kudzationetsa Mulungu wina, wofatsa, amene salanga munthu aliyense. Anthu anaombera m'manja, ena anafuula kuti amen. Chimene chandipweteka kwambiri ndi kuombera m'manjako, chifukwa kukusonyeza kuti pa anthu onse amene anali m'kachisimo panalibe ndi mmodzi yemwe amene mtima wake unagunda atamva kuti Akhristu ali ndi milungu iwiri.

Mulungu ndi mmodzi. Amene analankhula ndi Mose pa chitsamba choyaka moto ndi yemweyo amene Yesu ankamutchula kuti Atate, ndipo sanasinthe khalidwe pakati pa Malaki ndi Mateyu. Pamene mlembi wina anafunsa Yesu za lamulo loposa onse, pa Marko 12:29 Yesu anayankha ndi mawu a pa Deuteronomo 6:4, akuti Ambuye Mulungu wa Israyeli ndi mmodzi, kenako anawonjezera lamulo lokonda mnzako monga udzikondera mwini, limene analitenga pa Levitiko 19:18. Inde, m'buku la Levitiko, lomwelo limene ambiri amalilumpha poganiza kuti mulibe china koma nsembe za nyama. Lamulo la chikondi limene mlalikiyu akunyadira linachokera pakamwa pa Mulungu amene iye akumuneneza kuti ndi wankhanza.

Ndikufunsa ine, kodi bambo ameneyu anawerengapo Eksodo 34:6, pamene Mulungu akudzifotokoza yekha kwa Mose kuti ndi wachifundo, wachisomo, wosakwiya msanga, wodzala ndi chikondi ndi choonadi? Mawu amenewa ananenedwa anthu atangopembedza kumene mwanawang'ombe wagolide, pa nthawi imene akanayenera kuwonongedwa. Nanga buku la Yona, lomwe lili ndi machaputala anayi okha, analimaliza? Mneneri Yona sanathawe ulendo wa ku Nineve poopa ukali wa Mulungu ayi. Iye mwini akunena pa 4:2 kuti anathawa chifukwa ankadziwa kuti Mulungu ndi wachifundo ndipo akhululukira adani a Israyeli akalapa. Taonani, mneneri wa m'Chipangano Chakale akukwiya mpaka kupempha imfa chifukwa chakuti Mulungu wake wachulutsa chifundo, ndipo Mulunguyo akumuyankha kuti sangaleke kumvera chisoni mzinda wa anthu oposa 120,000, pamodzi ndi ziweto zawo zomwe. Ameneyu ndiye akutchedwa wokonda magazi lero. Pa Hoseya 11 akudziyerekeza ndi kholo limene linaphunzitsa mwana kuyenda, ndipo pa Yesaya 49:15 akuti ngakhale mayi ataiwala khanda lake loyamwa, iye sadzaiwala anthu ake.

Tsono tembenuzani masamba mupite ku Chipangano Chatsopano, kumene mukuti kulibe chilango. Pa Machitidwe 5, Hananiya ananamiza Mzimu Woyera za ndalama za munda ndipo anagwa pansi n'kufa pomwepo, ndipo patapita maola ngati atatu mkazi wake Safira anatsatira. Izi zinachitika mu mpingo woyamba, Yesu atauka kale kwa akufa. Wolemba kalata ya kwa Ahebri pa 12:29 akuti Mulungu wathu ndi moto wonyeketsa, ndipo mawuwo wawatenga pa Deuteronomo 4:24 popanda kuwafewetsa ngakhale pang'ono. Yesu mwini, amene mukufuna kumusandutsa munthu wongomwetulira, ndiye anagubuduza magome a osintha ndalama m'Kachisi, ndiye ananena za kulekanitsa nkhosa ndi mbuzi pa Mateyu 25. Chifundo chili m'zipangano zonse ziwiri, chiweruzo chilinso m'zipangano zonse ziwiri, chifukwa mwini wake ndi mmodzi.

Sindikukana kuti m'Chipangano Chakale muli ndime zolemera zimene zimavutitsa mtima wa munthu woganiza, monga za chigumula ndi za nkhondo za m'dziko la Kanani. Munthu woona mtima amakhala nazo pansi ndimezo, amalimbana nazo, amafunsa anzake ozama m'malemba. Koma kuzithawa popanga mulungu wachiwiri ndi ulesi wovala jekete. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Chondiseketsa, ngakhale ndili wokwiya, ndi chakuti mlalikiyu ankalankhula ngati wavumbulutsiridwa chinthu chatsopano. Chiphunzitso chimenechi ndi chakale kwambiri. Marcion, munthu wa ku Sinope, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Turkey, anachiphunzitsa ku Roma mpaka mpingo unamuchotsa cha m'chaka cha 144. Iye ankati Mulungu amene analenga dziko ndi kupereka Chilamulo ndi wotsika, wosiyana ndi Atate wa Yesu, choncho anataya Chipangano Chakale chonse. Koma onani chimene chinamuchitikira: kutaya Chipangano Chakale sikunakwane, anayeneranso kudula Chatsopano, n'kutsala ndi uthenga wa Luka wodulidwadulidwa ndi makalata khumi a Paulo, chifukwa mabuku enawo ankamutsutsa pa tsamba lililonse. Tertullian, mphunzitsi wachikhristu wa mu mpingo wakale, analemba mabuku asanu omuyankha. Ndipo pamene mabishopu anasonkhana mumzinda wa Nicaea m'chaka cha 325, chikhulupiriro chimene analemba chinayamba ndi kuvomereza Mulungu mmodzi, Atate wamphamvuzonse, mlengi wa zinthu zonse zooneka ndi zosaoneka. Marcion anali wolakwa, komabe analimba mtima n'kung'amba masambawo poyera. Alaliki a mtundu uwu masiku ano amanyamula Baibulo lathunthu uku akuphunzitsa ngati kuti mabuku ochuluka a m'menemo analembedwa za Mulungu wachilendo.

Kaya chimachititsa ndi kusawerenga, kaya ndi kufuna kuomberedwa m'manja, ine ndilibe nazo ntchito. Chimene ndikunena ndi chakuti simungalandire Mwana n'kukana Atate amene anamutuma, simungaimbe Masalimo lero mawa n'kunyoza Mulungu amene Masalimowo akumutamanda, ndipo simungatchule Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo kuti wankhanza pamene Yesu pa Mateyu 22:32 anamutchula Mulungu wa amoyo.

Ndiponso alaliki omwewa, amene amati Chipangano Chakale chinatha ntchito ndipo Mulungu wake sitimufunanso, ikafika nthawi ya chakhumi amathamangira pa Malaki 3:10 ndi liwiro lodabwitsa, n'kuwerenga mokweza mawu ndi kuopseza nayo anthu osauka. Ndime yachisanu ndi chimodzi ya chaputala chomwecho, pamene Mulungu akunena kuti iye sasintha, ili pamwamba pang'ono pa tsamba lomwelo, koma maso awo safikapo.