Kutukwana pakhoma si nthabwala

Ine zolembalemba za pa maminibasi ndi pamakoma a magolosale ndimazikonda. Wojambula waluso akalemba mawu oseketsa, munthu umaseka wekha uli pa kabaza kuchoka pa Chitakale. Koma zomwe ndaona sabata ino pakhoma la bala ina, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza, zandinyansa.

Ajambulapo mayi atabereka dengu la masamba a tiyi, chithunzi chokongola zedi, kumbuyo kwake phiri la Mulanje litafunda mitambo. Ndiye pansi pake alembapo ndi penti wofiira mawu otukwana, otchula maliseche a munthu wamkazi, zilembo zake zazikulu ngati chikhatho changa. Ati nthabwala.

Ndinali ndi mwana wanga wa Sitandade 2, amene wangodziwa kumene kuwerenga. Anayamba kutchula mokweza, chilembo ndi chilembo, kenako n'kundifunsa kuti, "Amayi, zimenezi ndiye kuti chiyani?" Ndinasowa chonena, manyazi okhaokha. Amayi othyola tiyi amadutsa pomwepo m'mamawa uliwonse, ngakhale mvula ikugwa, ndiye muwajambule bwino chonchi n'kuwatukwananso pansi pake? Mwini bala ndamuuza maso ndi maso kuti afufute. Loweruka ndikadutsanso pomwepo kukaona.