Amalume ndi pikapu ya adivansi

Pali anthu ena oti ngakhale muwayike Google pamphuno penipeni savomera. Amalume asuzumira pa foni ya mphwawo, aona chithunzi cha pikapu yakalekale.

Malume: Eya galimoto ndi imeneyi, osati timasienta tanuti. Alemba kuti chani pamenepo?

Mphwawo: Chevrolet Advance Design, ya ku America, inatuluka mu 1947.

Malume: Ooh ya adivansi ija. Ndikuyidziwa bwinobwino.

Mphwawo: Adivansi yake iti malume?

Malume: Ya pa 15. Unkapita kwa abwana kukasayina, nkukupatsa makiyi, kenako azikudula pa salale.

Mphwawo: Ayi malume, ndi dzina lotsatsira malonda chabe. Nkhondo yachiwiri itatha ma pikapu awo ankaonekabe ngati a 1941, nde atatulutsa bodi yatsopano anafuna anthu adziwe kuti kapangidwe kake kapita patsogolo, kutsogolo kokhala dalaivala anakulitsa mpaka kukwana anthu atatu.

Malume: Atatu eti. Dalaivala, mboni ndi wa ku akaunti. Ukundiuza chachilendo chani?

Mphwawo: Malume chonde.

Malume: Nanga 3100 alemba pambalipo ukuganiza ndi chani? Ndi imene ankadula pamwezi.

Mphwawo: Imeneyo ndi modelo. 3100 inali ya hafu tani, 3600 yokulirapo, 3800 ya tani imodzi.

Malume: Waona nde. Galimoto ikamakula nayo ngongole imakula.

(Apa munthu wanzeru amangotseka data nkunyamuka, koma mphwawoyu ndi wa digiri, akufunabe kuwina.)

Mphwawo: Chabwino, onani galasi lakutsogololi, lagawika pakati chifukwa ankapanga choncho mpaka 1953, mu 1954 anayika galasi limodzi lathunthu. Zikukhudzana bwanji ndi salale?

Malume: Mbali iyi yako, mbali iyo ya kampani. 1954 anthu anali atamaliza kubweza, galasi lonse nkukhala lako. Iwe kusukulu munkaphunzira chani kodi?

Mphwawo: Malume munabadwa 1968, zimenezi munazionera kuti?

Malume: Mutu uwu mphwanga, mutu. Ine injini ndimayidziwa pongoyimva kulira.

Mphwawo: Paja layisensi mulibe.

Malume: Layisensi ndi pepala. Tapitiriza, enawo ankatcha chani zawo?

Mphwawo: A Ford mu 1948 anatulutsa F-1 nkumayitcha Bonus-Built, kutanthauza kuti wogula akupeza zambiri kuposa ndalama zake, kukopa makasitomala basi.

Malume: BONASI! Ndanena ine! Chevrolet pa 15, Ford mu Disembala. Mayi a Chisomo tabwerani mudzamve mwana wa mlongo wanga akuvomera yekha!

Mphwawo: Sindinavomere chilichonse.

Malume: Nde anasiya liti ya adivansiyo?

Mphwawo: Mu 1955, anabweretsa mtundu wina.

Malume: Dzina?

Mphwawo: Zilibe ntchito malume, bandulo yatsala pang'ono.

Malume: Tawerenga iwe, ndikuona netiweki yonse ili bho.

Mphwawo: Task Force.

Malume: Kkkkkk basi nkhani yatha! Anthu anathawa ndi ngongole, boma nkukhazikitsa task force kuti ikalande magalimoto. Ngakhale kuno zinthu zikavuta timapanga chani?

Mphwawo: Ndi dzina chabe, ankafuna imveke yamphamvu pantchito!

Malume: Ukukuwa chifukwa wagonja. Palibenso ina?

Mphwawo: Ya Dodge ankayitsatsa kuti Job-Rated, kuti pikapu iliyonse anayipangira ntchito yakeyake.

Malume: Job. Ntchito. Ankayamba afunsa kaye ngati uli pantchito, wopanda ntchito adivansi ayitenga kwa ndani? Nchifukwa chake iwe ndi digiri yakoyo ukuyendabe pa kabaza.

Mphwawo: Nanga inu yanu ili kuti malume?

Malume: Ine sindikonda ngongole. Tanditumizira chithunzicho pa WhatsApp ndikaphunzitse anyamata pa bawo.