Tawerengani lisiti musanapereke khadi, ana inu

Inu ana athu okhala ku America, pali khalidwe limene likundiipira. Mukadya ku lesitilanti, lisiti ikabwera mumangosolola khadi, maso ali pafoni, kusayina n'kunyamuka. Ena mukaona kamzere kakuti pali ndalama yowonjezera ya inshuwalansi ya zaumoyo ya antchito, mkwiyo wonse mumakathira pa mwana wa eni amene wakuperekerani chakudya, n'kumudula tipu yake. Walakwa chiyani iyeyo? Kodi ndiye adalemba kamzereko?

Tamverani. Lamulo la Affordable Care Act, lija mumati Obamacare, Barack Obama adalisayina pa 23 March 2010. Limati kampani yokhala ndi antchito 50 kapena kuposerapo, owerengedwa ngati ogwira maola 30 pa sabata, iziwapezera inshuwalansi, apo ayi ilipire chindapusa kuboma. Mulibe mawu olamula kasitomala kupereka msonkho wapadera akadya nyama yake. Kamzere kaja amakaika ndi mwini bizinesi, mwa kufuna kwake, ndipo ndalamayo imalowa m'thumba la kampani.

Mu 2012 John Schnatter, amene adayambitsa kampani yogulitsa pizza ya Papa John's, adadandaula kuti lamuloli likweza mtengo wa pizza imodzi ndi masenti 11 mpaka 14. Masenti, anthuni! Mu 2014 malesitilanti ena a Gator's Dockside ku Florida adayamba kuwonjezera 1 peresenti pa lisiti m'dzina la lamuloli, pomwe gawo lokakamiza olemba ntchito lidadzayamba kugwira mu 2015.

Koma imene muyenera kuisunga pamtima ndi ya ku San Francisco. Mzindawu udakhazikitsa lamulo lakelake mu 2006 loti mabwana aziikapo ndalama pa chithandizo cha kuchipatala cha antchito awo, ndipo malesitilanti ambiri adayamba kulemba kamzere kowonjezera. Anthu ankalipira ndi mtima umodzi poganiza kuti akuthandiza wophika ndi wotsuka mbale. Mu 2013 loya wa mzindawo, Dennis Herrera, adatsata nkhaniyi, ndipo kudapezeka kuti malo ena ankatolera zochuluka kuposa zimene ankagwiritsa ntchito pa umoyo wa antchitowo. Zotsalazo zinkangokhala phindu. Paja safunsa adadya phula.

Sindikukana kuti inshuwalansi ku America ndi yodula, ndipo wamalonda aliyense amabweza zimene wawononga kudzera pa mtengo wa katundu wake. Ngakhale mayi wogulitsa mandasi amawerengera mafuta ndi makala. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti lendi ikakwera salemba kamzere ka lendi, magetsi akakwera salemba ka magetsi, amangokweza mtengo wa mbale mwakachetechete. Koma ikafika pa matenda a wantchito wawo, ndiye aikulungire padera kuti inu muione, muipidwe ndi lamulo, muipidwenso ndi wantchitoyo. Inuyo n'kumavina nyimbo yawoyo osadziwa.

Nanunso amene mwatsegula timabizinesi tanu kumeneko, musatengere zimenezi ngati fasho. Muli ndi antchito asanu, lamulo la anthu 50 lija silikukukhudzani, ndiye mukalembe kuti mukulipiritsa chifukwa cha Obamacare? Kumeneko n'kunamiza anthu, ndipo kasitomala akadzatulukira sadzabweranso.

Ku California, kuyambira July 2024, lesitilanti yofuna kuwonjezera ndalama zotere iyenera kuzilemba poonekera pa menyu. Kwina kulikonse, yang'anani pansi pa menyu musanaitanitse chakudya, chifukwa amakonda kuzilemba ndi tizilembo tating'onoting'ono. Mukaona kamzereko itanani manijala, mumufunse mwaulemu kuti ndalamayi ikupita kuti, ndiponso ngati amene akukutumikiraniyo ali pa inshuwalansi. Yankho likapanda kukukhutiritsani, kadyeni kwina ulendo wamawa. Tipu ya mwana uja yokha mupereke yonse.